Ankagulitsana malo omwe sanawapondepo: bizinesi ya malo ku America dziko litangoima palokha

Nkhondo yofuna ufulu itatha mu 1783, America inatsala ndi ngongole zambiri komanso malo ambiri, ndalama zokha ndiye kunalibe. Pangano lomwe anasainirana ndi Britain ku Paris linati malire a dziko latsopanoli akafika ku mtsinje wa Mississippi, ndiye pa mapu linkaoneka dziko lalikulu zedi, koma boma lake linalibe ngakhale mphamvu yokhometsa msonkho, linkachita kupempha zigawo zake 13 kuti zisonkhe ndipo zambiri zinkangozengereza. Asilikali omwe anamenya nkhondo zaka zonsezo ambiri sanalandire ndalama zenizeni, anangopatsidwa mapepala olonjeza kuti boma lidzakulipirani mtsogolo.

Mapepala amenewa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Msilikali wabwerera kwawo, ana akufuna kudya, wamsonkho wa chigawo akufuna ndalama zasiliva, iye m'thumba ali ndi pepala lolembedwa madola 100 lomwe wasitolo akulikana. Akubwera munthu wandalama wa m'tauni nkumuuza kuti ndikupatsa madola 10 kapena 15 pompano. Atani nanga? Ankagulitsa basi. Pang'ono ndi pang'ono mapepala aja anachoka m'manja mwa omwe anakhetsa magazi nkukaunjikana m'mabokosi a amalonda a ku New York, Philadelphia ndi Boston.

Chomwe amalondawa ankadziwa nchoti boma likamagulitsa malo linkalandira mapepala omwewo pa mtengo wolembedwa pamwamba paja, osati mtengo womwe iwo anagulira. Ndiye malo omwe pa lamulo anali dola imodzi pa ekala, munthu wodziwa njira ankawapeza pa masenti ochepa chabe. Kenako mu 1790 Alexander Hamilton, yemwe anali nduna ya zachuma, anabweretsa ndondomeko yoti boma latsopano lilipire ngongole zonse zija pa mtengo wake wonse kwa aliyense amene ali ndi pepala m'manja. Phungu James Madison anayesetsa kuti eni ake oyamba aja nawo apezeko kenakake koma Congress, nyumba ya malamulo ya dziko lonse, inakana. Mfundo ya Hamilton inali yoti dziko losalipira ngongole palibe angalikongozenso, ndipo pamenepo sankanama. Koma nthawi imeneyo uthenga unkayenda pa hatchi ndi pa sitima yapamadzi, ndiye omwe anali pafupi ndi boma anamva msanga nkutumiza anthu awo kummwera kukagula mapepala otsala kwa anthu omwe anali asanamve kalikonse.

Kagulidwe ka malo kenikeniko kanali chonchi. Palibe ankalipira ndalama zonse. Munthu ankapereka dipoziti yochepa pa maekala miliyoni imodzi kapena awiri, zotsalazo nkulonjeza kuti azilipira pang'onopang'ono kwa zaka zingapo. Chiyembekezo chake chinali choti tsiku lolipira lisanakwane akhala atagulitsako gawo lina pa mtengo wokwera, kaya kwa mabanki a ku Amsterdam, kaya kwa olemera a ku London ndi Paris, kaya kwa alimi osamukira kumadzulo. Podikira ogulawo, malo omwewo omwe sanamalize kulipira ankawaika ngati chikole nkutenga ngongole ina yogulira malo ena. Zimayenda ndithu ngati ogula akubwera mwachangu kuposa masiku a ngongole. Zikatembenuka, msonkho wa malo ukufunika chaka chilichonse, chiwongola dzanja chikukwera, ndipo malo si chinthu choti ungathamange nacho kumsika mmawa nkubwerako ndi ndalama madzulo.

Ndipo mlimi wamba, yemwe aliyense ankati ndiye adzagule pamapeto pake, analibe ndalama. Lamulo la malo la 1785 linagawa dera la kumadzulo m'mabokosi a mamailosi 6 mbali zonse, ndipo kachigawo kochepetsetsa komwe boma linkagulitsa kanali maekala 640 pa dola imodzi ekala iliyonse. Madola 640 nthawi imeneyo banja wamba silikanawapeza, ndiye ambiri ankangopita nkukadula mitengo, kumanga kanyumba, kuyamba kulima opanda pepala lililonse. George Washington mwini wake, pulezidenti woyamba wa dzikolo, yemwe pomwalira anali ndi maekala oposa 50,000, anapita kumadzulo kwa Pennsylvania mu 1784 nkukapeza mabanja atakhazikika pa malo ake ku Millers Run, anawasumira ndipo anawina mlanduwo mu 1786. Ndikutchula Washington dala kuti zimveke kuti bizinesi imeneyi sinkaonedwa ngati yamanyazi ayi, pafupifupi munthu aliyense wotchuka wa nthawi imeneyo anali ndi dzanja m'malo. Vuto linkayamba pomwe munthu yemweyo ali m'boma, akudziwa zomwe zikubwera, nkukhalanso wogula.

Chitsanzo choyamba chachikulu ndi cha ku Ohio. Mu 1786 akuluakulu ena a asilikali opuma motsogozedwa ndi Rufus Putnam anakumana ku Boston nkuyambitsa Ohio Company of Associates. Awa cholinga chawo chinali chomveka, ankafuna mapepala awo aja asanduke minda ndipo anapitadi kukakhala, tauni ya Marietta anaiyamba ndi iwowa mu 1788. Koma m'busa Manasseh Cutler yemwe anamutuma kukakambirana ndi Congress ku New York mu 1787 anapeza zinthu sizikusuntha mpaka anakumana ndi William Duer, mlembi wa bodi yoona za chuma cha boma. Duer anamuonetsa njira: pempho lidutsa bola muwonjezeremo maekala ena mamiliyoni angapo a gulu lina lomwe eni ake sakufuna kuonekera. Linadutsadi. Ohio Company inapeza maekala pafupifupi 1.5 miliyoni, ndipo gulu la Duer lija, Scioto Company, linapeza chilolezo chodzagula malo ochuluka kuposa pamenepo. Chilolezo chabe, malowo anali asanakhale awo.

Koma iwo anayamba kugulitsa. Anatumiza Joel Barlow ku Paris, kumeneko anagwirizana ndi William Playfair nkusindikiza timabuku tokometsera dera la Ohio ngati munda wa Edeni, ndipo zinachitika nthawi yomwe chipwirikiti cha 1789 chinali chitayamba ku France anthu ambiri akufuna kothawira. Anthu pafupifupi 500 anagula nkuwoloka nyanja mu 1790. Ambiri anali anthu a m'tauni, amisiri a ntchito zamanja zosalala, madokotala, okonza mawotchi, anthu oti nkhwangwa sanaigwirepo. Atafika m'mbali mwa mtsinje wa Ohio anapeza mizere ya tinyumba tamitengo pakati pa nkhalango, malo omwe anawatcha Gallipolis, kenako nkuuzidwa kuti mapepala omwe ali nawo ndi opanda ntchito chifukwa Scioto sinalipirepo boma, ndipo pomwe akhalapo ndi pa malo a Ohio Company. Ena anafa ndi matenda, ena anabalalika, otsalawo anachita kugulanso kachiwiri malo omwe ankaganiza kuti ndi awo kale. Congress inadzawapatsa maekala 24,000 mu 1795 ngati chipukuta misozi, ambiri atachoka kale.

Duer yekha sanaphunzirepo kanthu. Anakhalako wachiwiri kwa Hamilton ku unduna wa zachuma, atachoka anayamba kukongola ndalama kwa aliyense mu New York, eni masitolo, amayi amasiye, anthu wamba, akuwalonjeza chiwongola dzanja chokwera, nkumagulira masheya a banki ndi mapepala a boma. Mu March 1792 zinamuphulikira, mitengo inagwa, anthu ambiri anataya zonse, iye analowa m'ndende ya angongole ndipo anamwalira mu 1799 ngongolezo zili pomwepo.

Amene nkhani yake imandikhudza kwambiri ndi Robert Morris. Mkuluyu sanali dobadoba wamba. Anasaina chikalata cha ufulu cha 1776, anasainanso malamulo oyendetsera dziko a 1787, ndipo kuyambira 1781 mpaka 1784 ndiye ankayendetsa chuma cha dziko, nthawi zina nkumagwiritsa ntchito dzina lake ndi ngongole zake kuti asilikali a Washington adye. Ankatengedwa ngati mmodzi mwa anthu olemera kwambiri mu America. Malonda ake oyamba a malo anayenda bwino, anagula dera lalikulu kumadzulo kwa New York mu 1791 nkugulitsa maekala oposa 3 miliyoni kwa amalonda achi Dutch omwe anadzatchedwa Holland Land Company. Akanalekera pomwepo bwenzi tikunena zina. Koma paja akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Anagwirizana ndi John Nicholson ndi James Greenleaf nkugula mapuloti masauzande mu mzinda wa Washington womwe unali usanamangidwe nkomwe, ndipo mu 1795 atatuwa anayambitsa North American Land Company yokhala ndi maekala 6 miliyoni omwazikana ku Pennsylvania, Virginia, Kentucky, Georgia ndi ku Carolina konse kuwiri, nkumalonjeza ogula masheya phindu la 6 peresenti chaka chilichonse. Phindu limenelo lichokera kuti poti nkhalango siibala ndalama? Linkayenera kuchokera kwa ogula atsopano basi.

Ogulawo sanabwere. Ku Ulaya kunali nkhondo, asilikali a France analowa mu Netherlands kumayambiriro kwa 1795 ndipo ngongole zomwe Greenleaf ankadalira ku Amsterdam zinauma. Malo ena a kampaniyi, makamaka a ku Georgia, anali mchenga wokhawokha ndi mitengo ya paini, ena kunalibeko nkomwe, chifukwa m'zaka zimenezo akuluakulu a ku Georgia anasaina mapepala a malo ochuluka kuposa katatu malo enieni omwe analipo m'maboma awo, oyeza malo ankangojambula mitsinje ndi mitengo ali pa tebulo. Morris ndi Nicholson anayamba kusainirana mapepala a ngongole, uyu kuikira umboni uyu, mpaka mapepala awo anayamba kugulitsidwa pa msika pa kamtengo kochepa zedi. Mu February 1797 Bank of England inasiya kupereka golide kwa obwera ndi ndalama zamapepala, ngongole zinavuta mbali zonse za nyanja, ndiye zonse zinagwa. Morris anadzitsekera m'nyumba yake ya kunja kwa Philadelphia yotchedwa The Hills kwa miyezi, omwe anamukongoza akudikirira panja, chinyumba chake chachikulu chomwe katswiri wa zomangamanga Pierre L'Enfant ankamumangira mu tauni chili chosamaliza. Mu February 1798 anamutengera ku ndende ya angongole ya pa Prune Street ndipo anakhalamo mpaka August 1801, ngongole zake zili pafupifupi madola 3 miliyoni. Nicholson anafera m'ndende mu 1800. James Wilson, jaji wa khothi lalikulu la dziko lonse, naye anatsekeredwapo chifukwa cha ngongole za malo, anathawira ku North Carolina nkukafera komweko mu 1798. Lamulo loyamba la dziko lonse lothandiza munthu amene walephereratu kubweza ngongole linabwera mu 1800, ndipo ndi lomwe linamutulutsa Morris. Koma linali la amalonda okha, mlimi wangongole silinkamukhudza.

Tsopano ya malo a ku Yazoo, yomwe ndi mfumu ya zonsezi. Dzinali ndi la mtsinje wa m'dera lomwe linagulitsidwalo. Chigawo cha Georgia chinkati malo ake amafika mpaka ku Mississippi, dera lomwe lero ndi mbali yaikulu ya Alabama ndi Mississippi. Mu January 1795 nyumba ya malamulo ya Georgia, itakumana ku Augusta, inagulitsa maekala pafupifupi 35 miliyoni kwa makampani anayi, Georgia Company, Georgia Mississippi Company, Upper Mississippi Company ndi Tennessee Company, pa madola 500,000. Werengerani nokha, ekala imodzi sinakwane ngakhale masenti awiri, ndipo dera limenelo kukula kwake kuposa Malawi yense kuphatikiza nyanja. Bwanamkubwa George Mathews anasaina. Yemwe ankayendetsa zinthu kumbuyo anali James Gunn, senata woimira Georgia yemweyo, ndipo zinadzaululika kuti pafupifupi phungu aliyense amene anavomera anali atalandira masheya kapena ndalama kuchokera ku makampaniwo.

Anthu a ku Georgia atamva anakwiya koopsa. Senata winayo, James Jackson, anatula pansi udindo wake ku Philadelphia, komwe Congress inkakumana nthawi imeneyo, nkubwerera kwawo kukaima pa chisankho cha nyumba ya malamulo ya chigawo, aphungu ambiri akale anagwa, ndipo mu February 1796 nyumba yatsopano inafafaniza malonda onse aja. Sanalekere pomwepo. Anatulutsa chikalata cha lamulo lakale lija panja pa nyumba ya malamulo ku Louisville, likulu latsopano, aphungu ataima mozungulira, ndipo nkhani yomwe a ku Georgia amafotokoza mpaka lero ndi yoti moto wake anauyatsa ndi galasi lokuza zinthu loloza ku dzuwa, kuti ukhale moto wochokera kumwamba. Analamulanso kuti paliponse pomwe malondawo analembedwa m'mabuku a boma pachotsedwe, ndipo amene akufuna ndalama zake abwere adzatenge.

Koma pepala linali litathamanga kale kuposa moto. Makampani aja sankafuna kulima, ankafuna kugulitsa msanga, ndipo m'mwezi womwewo wa February 1796 maekala pafupifupi 11 miliyoni anagulitsidwa ku Boston pa masenti pafupifupi 10 ekala imodzi, kwa anthu omwe anapanga New England Mississippi Land Company. Kuchokera pa senti imodzi ndi theka kufika pa 10 m'chaka chimodzi, popanda ndi mmodzi yemwe wokaona malowo. Anthu a ku Boston aja anayamba kunena kuti ife tinagula mwachilungamo, za ziphuphu za ku Augusta sitikuzidziwa, mutibwezere malo athu kapena mutilipire. Mu 1802 Georgia inapereka dera lonselo ku boma lalikulu pa madola 1,250,000, ndiye mpira unapita ku Congress, ndipo kumeneko John Randolph wa ku Virginia ankatchinga chaka ndi chaka kuti anthu a Yazoo asalandire ngakhale senti, ankati kuwalipira ndi kudalitsa katangale.

Ataona kuti ku Congress sizikutheka anapita ku khothi. John Peck wa ku Boston anagulitsa maekala 15,000 a ku Yazoo kwa Robert Fletcher wa ku New Hampshire pa madola 3,000, kenako Fletcher nkumusumira kuti wandigulitsa malo omwe si ako. Awiriwa onse ankafuna chigamulo chimodzimodzi, ndipo mmodzi mwa majaji, William Johnson, analemba poyera kuti mlanduwu ukuoneka ngati wopangana. Komabe mu 1810 khothi lalikulu motsogozedwa ndi John Marshall linagamula kuti malonda a 1795 anali kontirakiti, malamulo a dziko amaletsa chigawo kuphwanya kontirakiti, ndipo khothi silingalowe m'mitima ya aphungu kukafufuza chifukwa chomwe anavotera pamene malo afika kale m'manja mwa wogula wosalakwa. Lamulo la 1796 lija linagwa. Mlandu wa Fletcher v. Peck umakumbukiridwa ngati nthawi yoyamba yomwe khothili linagwetsa lamulo la chigawo chifukwa chosemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Mu 1814 Congress inapatula madola 5 miliyoni olipira eni mapepala a Yazoo.

Mfundo ya Marshall sindingaitaye yonse ayi. Ngati nyumba ya malamulo iliyonse yatsopano ingathe kufafaniza mapepala a malo omwe inzake inapereka, palibe munthu angagone tulo pa malo ake, olemera ndi osauka omwe, ndipo mawa lake mphamvu yomweyo ikhoza kugwiritsidwa ntchito polanda munthu wosalakwa kwenikweni. Koma mawu oti wogula wosalakwa aja amandivuta kuwameza pa nkhani iyi. Phokoso la ziphuphu za Yazoo linali litamveka kwa chaka chathunthu anthu a ku Boston asanamalize kugula, ndipo munthu wogula maekala mamiliyoni pa masenti 10 amadziwa chifukwa chake mtengo uli wotsika choncho. Zotsatira zake zinali zoti ukaba chinthu cha anthu onse kudzera m'nyumba ya malamulo nkuchigulitsa msanga kwa wina, lamulo limateteza malondawo ndipo chuma cha anthu omwewo ndi chomwe chimalipira. Tisaiwalenso kuti Marshall mwiniwake anali wogula malo wamkulu ku Virginia, ndipo mng'ono wake James anakwatira mwana wa Robert Morris. Sindikunena kuti anagamula mokondera, koma dziko ankaliona ndi maso a munthu wokhala ndi mapepala a malo.

Ndipo mu mkangano wonsewu, wa Georgia, Boston, Congress ndi khothi, eni malo enieni munalibemo. Dera la Yazoo silinali thengo lopanda anthu, munali midzi ndi minda ya mitundu yomwe azungu anaipeza kumeneko, a Creek, Choctaw, Chickasaw ndi Cherokee, ndipo mbali ina Spain nayo inkati ndi yake. Chomwe makampani ankagula kwenikweni chinali chiyembekezo choti tsiku lina anthu amenewa adzachotsedwa, mtengo wa pepala unkakwera kapena kutsika malinga ndi mmene tsikulo likuonekera kuyandikira. Ku Ohio zinali chimodzimodzi, mu 1791 mitundu ya kumeneko inagonjetsa asilikali a Arthur St. Clair nkupha oposa 600 ndipo malonda a malo anazizira, kenako itagonja pa nkhondo ya Fallen Timbers mu 1794 nkusaina pangano la Greenville mu 1795 anthu anayamba kukhamukirako. Morris naye ndalama zake zonse kwa a Dutch aja sakanalandira pokhapokha mtundu wa a Seneca utasiya malo ake, zomwe zinachitika pa pangano la Big Tree mu 1797 pa madola 100,000. Mu chigamulo cha 1810 nkhani ya eni nthakawa inangotenga mizere yochepa kumapeto.

Pangano la 1802 lija linali ndi mfundo ina yomwe inadzapweteka kwambiri: boma lalikulu linalonjeza Georgia kuti lidzathetsa umwini wa mitundu yonseyi pa malo otsala mkati mwa chigawocho. Mu 1814, chaka chomwecho chomwe Congress inapatula ndalama za eni mapepala, mkulu wa asilikali Andrew Jackson anakakamiza a Creek kusaina pangano la Fort Jackson nkutaya maekala oposa 20 miliyoni, ndipo minda ya thonje yolimidwa ndi akapolo inayamba kufalikira mu Alabama ndi Mississippi. Georgia itapsa ndi Yazoo inasiya kugulitsa malo kwa makampani nkuyamba kuwagawa kwa nzika zake zachizungu kudzera m'maere kuyambira 1805, njira yomwe inachepetsadi katangale pakati pa azungu okhaokha. Maere a 1832 anagawa dziko la a Cherokee eni ake akadali m'nyumba zawo, patangopita zaka ziwiri Congress itakhazikitsa lamulo losamutsa mitunduyi, ndipo mu 1838 asilikali anawasonkhanitsa nkuwayendetsa ulendo wopita kutsidya kwa Mississippi womwe anthu masauzande anafera m'njira.